Kabokosi Koyenda Loweruka

"Usakoke choncho iwe, uthyola timano take."

Kalin anadzidzimuka mpaka kugunda mutu pa shelefu. Anali atagwada kuseri kwa kabati ya zimbale, akuzula mawaya. Mchemwali wake Rumyana anali chiimire pakhomo, manja ali mbuu ndi shuga wothira pa tirigu wokagawa kumanda mawa lake, pa mwambo wa tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirire bambo awo.

"Ndimangoona," anatero Kalin.

"Umaona ndi manja? Maluwa sanafote n'komwe pamanda, iwe wayamba kale kugawa katundu?"

"Sindikugawa kanthu, achemwali. Ndikungotenga kabokosi aka basi. Abambo anandituma."

Kabokosiko kankakhala pakati pa galamafoni ndi ampulifaya yaikulu. Kanali kakuda, kophwatalala, kokhala ndi topotokola tinayi kutsogolo. Malemu bambo awo, a Lyuben, ankakatchula dzina lake lenileni, puliyampu, ndipo ankafotokozera mlendo aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe, kuti mawu akamachoka pa chimbale amakhala ofooka ngati a khanda, ndiye kabokosika n'kamene kamawalera asanapite kokakuzidwa. Anakagula kakalekale pamsika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, kwa munthu wina wa m'sitima za pa mtsinje wa Danube, Rumyana akali ku pulayimale. Kanali kotchipa, ndipo sikankabisa. Ukakayatsa kankayamba kang'ung'udza ngati njuchi ya m'botolo mpaka katatenthera. Kopotokola kokwezera mawu kankathetheka ngati mafuta m'chiwaya. Sipika ya kumanzere inkatha kungokhala duu nyimbo ili mkati. Choncho pafupifupi Loweruka lililonse a Lyuben ankakakulunga m'juzi yakale, kukalowetsa m'chikwama chachikopa, n'kupita nako kwa a Zahari okonza mawailesi. Ankabwera dzuwa litapendeka, akupukusa mutu. "Ayesako, koma akuti pali kachitsulo kena kosowa."

M'nyumba yonseyo, Rumyana yekha ndiye ankakadziwa mtima kabokosiko. Mayi ake, a Nevena, kakangoyatsidwa ankakadzitsekera kukhitchini. Kalin analibe nako ntchito, ndipo atangokula anapita ku Germany kukayendetsa mathiraki. Koma Rumyana kuyambira ali kamtsikana ankakhala pansi pakati pa masipika awiri aja, bambo ake akumuphunzitsa kudikira. "Osathamanga. Kasiye katsokomole kaye." Anakula, n'kuyamba ntchito m'sitolo ya mankhwala, koma madzulo ake anali omwewo. Ndipo chaka chimene chibwenzi chake Momchil anamupempha kuti akakwatirane ku Spain, bambo ake sanamuletse. Anangoyatsa kabokosi, kukhala pampando wawo, n'kunena kuti, "Pita mwanangu. Ndizimvera ndekha, makutu ndili nawo awiri." Rumyana sanapite. Tsopano anali atadutsa zaka makumi anayi, akugonabe m'chipinda chake cha paubwana.

"Anakutuma kuti?" anafunsa.

"Kwa a Zahari."

"Kuti akakonzere ndani? Mwini wake ali m'dothi. Ndipo mpaka masiku makumi anayi atakwana, muno simulira nyimbo."

"Ine ndangotumidwa."

"Chabwino. Ndikapita nako ndekha. Ndiuze pamene pali shopu yawo."

Atangonena mawuwo, anazindikira kuti zaka zonsezi sanapondeko kwa a Zahari, ngakhale kuwaona nkhope. Loweruka linali tsiku lake la ntchito. Kumaliro kunabwera anzawo a kudoko kumene a Lyuben ankagwira ntchito, kunabwera oyandikana nawo, ngakhale wometa tsitsi, koma munthu amene ankaonana nawo mlungu ndi mlungu sanaoneke.

Kalin ankangopinda waya pa chala.

Ndodo inagogoda pansi m'kanjira kochokera kukhitchini. A Nevena analowa pang'onopang'ono, akukoka mwendo wa chiuno chimene chinachitidwa opaleshoni, n'kukhala pa mkono wa sofa.

"Muuze, Kalin. Ine ndatopa."

"Amayi..."

"Ndiye ndimuuza ndine. A Zahari anamwalira iwe uli ku sekondale, Rumyana. Bambo ako ankapita ku Marten, kamudzi ka kunja kwa mzinda. Kuli mwana wawo kumeneko, wamkazi, dzina lake Zornitsa. Mayi ake anatisiya zaka zingapo zapitazo, koma mwanayo alipo, ndi munthu wamkulu. Kabokosiko amusiyira iyeyo."

Rumyana anayang'ana manja ake. Shuga uja anali atayamba kumata. Anawapukuta pa siketi yake yakuda, n'kusiya mizere yoyera.

"Iwe unadziwa liti?" anafunsa mlongo wakeyo.

"Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Abambo anakhoma masipika ena m'galaja mwa mnzawo, ndiye anafuna wowathandiza kunyamula. Pobwerera m'basi anandiuza kuti mwamuna amasunga pakamwa." Kalin anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Mumayesa ku Germany ndinathamangira chiyani? Mowa?"

"Nanga zokutumazi anakutuma liti? Kuchipatala ine sindinachoke pambali pawo."

"Tsiku lija anakutumani yogati."

Rumyana analikumbuka tsikulo. Bambo ake anali asakudya kanthu, kenako mwadzidzidzi anati akulakalaka yogati wa mkaka wa nkhosa, osati wa m'chipatalamo. Iye anathamanga mvula ikugwa, kulowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa iyo, mtima uli m'mwamba poganiza kuti ayamba kuchira. Atabwera naye, analawa nsonga ya supuni n'kutembenukira kukhoma.

Anatembenukira kwa mayi ake. "Inu?"

"Ine ndinadziwa mimba ya mayi wakeyo isanaoneke n'komwe."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndikuuze kuti chiyani? Unkawayang'ana bambo ako ngati chithunzi cha m'tchalitchi. Ndikanatsegula pakamwa ukanati amayi ndi ansanje. Si inu awiri munkandiseka kuti makutu anga ndi athabwa? Ine nyimbo ndinkazikonda, mwanawe, ndinkavina bambo ako asanadziwe kuti chimbale chimazungulira mbali iti. Chimene chinkandithamangitsira kukhitchini ndi kuthetheka kwa kanthu kako. Kakathetheka Lachisanu, ine ndinkadziwa kuti mawa ndisita malaya."

"Munkandiona ndikukakulunga ndi manja angawa. Ndinkawaperekeza nako mpaka pakhomo, kuwakumbutsa kuti akawauze a Zahari za kumanzere." Mawu a Rumyana sanakwere. "Munandiona ndikumukana Momchil. Mukanangonditengera pambali tsiku limenelo."

A Nevena anasisita mutu wa ndodo.

"Ukanapita, ine Loweruka ndikanatsala ndi yani?"

Kukhitchini poto ya tirigu inali itayamba kununkha kupserera, ndipo Rumyana ndiye anapita kukaiphula, poti ntchito zoterezi m'nyumbamo zinali zake.

Mawa lake kumanda wansembe anawerenga mapemphero, n'kuthira vinyo pa dothi. Rumyana anagawa tirigu m'timakapu, aliyense kakapu ndi kasupuni kake. A Ginka, a pa nyumba yapansi, analandira kawo misozi italengeza m'maso.

"Mulungu awakhululukire. Amuna ngati amenewa anatha, Rumyana. Osamwa, osayendayenda. Iwo ndi nyimbo zawo basi."

"Zoona, azakhali," anatero Rumyana. "Tengani kena mukawapatse akunyumba."

Atabwerera, alendo atabalalika, iye analowa m'chipinda chochezera osavula jasi. Anazula mawaya otsala, bwinobwino monga anaphunzitsidwira, kukulunga kabokosi m'juzi ija, kukaika m'chikwama. Kalin anamupeza akumanga lamba.

"Ndipita nanu."

"Wanyamula zokwanira iwe. Ingondiuza njira."

"Mukatsika pa siteji yomaliza, mudutse tchalitchi, msewu wachiwiri kumanja. Geti lobiriwira. Achemwali, mtsikanayo sanalakwe kanthu."

"Nanga ine ndinalakwa chiyani?"

M'basi anakhala ku windo, chikwama chili pamiyendo. Sanadziwe chimene ankapitira. Mwina kukamuona chabe munthuyo, n'kubwerako nako kabokosi. Mwina kukakaponya pakhomo pake n'kutembenuka. Basi itadutsa mafakitale a kunja kwa mzinda wawo wa Ruse, mtsinje unaonekera pakati pa mitengo, ndipo anaganiza kuti kumenekonso kakhoza kupita. Koma manja ake anali atachigwira chikwama pansi, kuti basi ikagwera m'dzenje kasagwedezeke.

Pa geti lobiriwira anamulandira ndi galu woyera waubweya wautali, wokalamba, amene sanauwe. Anangonunkhiza chikwama, n'kuyamba kugwedeza mchira ndi kulira chapansipansi, akuyang'ana kumsewu kuseri kwa Rumyana.

"Belcho, bwera kuno."

Pansi pa mpesa wouma panali mkazi wovala zakuda, wazaka za m'ma makumi atatu, atagwira ndowa. Rumyana ankayembekeza nkhope yachilendo. Anaona makutu a bambo ake, otambalala aja, ndi kaimidwe kawo kopendekera phewa limodzi.

Mkaziyo anayang'ana chikwama, kenako wochinyamula. Anatula ndowa.

"Ndinu achemwali a Rumyana."

"Ine ndili ndi mlongo mmodzi basi."

"Pepani. Lowani, mayi, kunja kuno kukuzizira."

Nyumbayo inali yaing'ono, ya zipinda ziwiri. Galasi la m'kanjira linali lokutidwa ndi nsalu chifukwa cha maliro, monganso kwawo. M'chipinda chochezera Rumyana anaima chilili. Masipika awiri okhoma pamanja anali m'makona, otalikirana ndendende ngati a kwawo. Pa shelefu panali galamafoni, pansi pake ampulifaya, ndipo pakati pa ziwirizo panali mpata wopanda kanthu, mawaya ali lendelende, nsonga zake zitakulungidwa m'kansalu kuti zisagwire fumbi.

Zornitsa anabwera ndi khofi ndi mbale ya mabisiketi ophika pakhomo, odindidwa ndi foloko pamwamba, kachidutswa ka mtedza kali pakati. Rumyana anatenga imodzi mwaulemu chabe. Atangoluma, anasiya kutafuna. Kukomako ankakudziwa kuyambira paubwana. Bambo ake ankabwera nawo m'kapepala pochokera kwa a Zahari, n'kumati pafupi ndi shopuyo pali bekari ya mayi wina wa ku Armenia.

"Amaphika ndani awa?"

"Kale amayi. Atamwalira, ine. Abambo ankati mumawakonda opserera pang'ono m'mbali."

Rumyana anabweza bisiketi yolumidwayo pa mbale.

"Ndiye mumandidziwa."

"Zonse. Tsiku limene munakhoza mayeso, tsiku limene munathyoka mkono pa ayezi. Za a Momchil." Zornitsa anakhala pa mpando wa moyang'anana naye, mawondo pamodzi. "Akafika kuno nkhani inali inu. Rumyana amamva pamene woimba wapumira. Rumyana sathamanga pokweza mawu. Ine ndinkayesetsa, koma akuti dzanja langa ndi lolemera."

"Mukufuna ndikumvereni chisoni?"

"Ayi. Mwandifunsa, ndayankha."

"Kabokosi anakusiyirani inu. Ine ndinawasambitsa, ndinawasintha matewera, ndinagona pa mpando mpaka msana kuuma. Ananditumiza yogati kuti apeze mpata wokusiyirani inu."

Zornitsa anamuyang'ana m'maso koyamba.

"Inu munawasambitsa. Ine ndinamva kuti amwalira pa foni, kwa Kalin, atawaika kale m'bokosi. Tsiku la maliro ndinaima kunja kwa mpanda wa manda pamodzi ndi ogulitsa maluwa, ndipo mayi wina anandifunsa mtengo wa nkhata. Inu munali nawo mlungu wonse, mayi. Ine Loweruka, kuyambira m'mawa mpaka basi ya madzulo. Ndinakulira pakati pa masipika awa ali chete. Anzanga akabwera ankati tiyatsire, ine n'kumati zinawonongeka. Nthawi ya basi ikakwana ankazula nyimbo ili pakati, akuti Rumyana akudikira. Pali zimbale apa zimene mpaka lero sindidziwa mathero ake."

Galu uja anali atalowa. Anadzisisita pa miyendo ya Rumyana, n'kugona mutu uli pa chikwama.

"Osagula kena bwanji?" anafunsa Rumyana. Mawu ake anali atatsika. "Kanthu kotchipa ngati aka. Pamsika timakhala tambirimbiri."

"Ndinawafunsa. Nditayamba ntchito ku sukulu ya mkaka ndinakapeza kena, kabwino kuposa aka, ndinati ndiwagulire kazikhala konkuno. Anakwiya kwambiri. Anati, 'Tiwiri n'ta munthu wa nyumba ziwiri. Ine si munthu wotero.'"

Rumyana anamva kuseka kukukwera pakhosi, koma kutafika pakamwa sikunali kuseka. Anagwira pakamwa ndi dzanja mpaka kutadutsa.

"Nanga kukakonzetsa?"

"Mwamuna wa mnzanga amakonza zoterezi. Anakamvera tsiku lina, anati n'fumbi chabe ndi kawaya komasuka, ntchito yosafika ola limodzi. Abambo anamuthokoza, kumuthirira mowa wa rakiya, n'kumuperekeza pa geti. Sanamuitanenso."

Kenako Rumyana anasuntha mutu wa galu, kumasula lamba wa chikwama, n'kuvundukula juzi. Anakanyamula kabokosi ndi manja awiri kupita nako pa shelefu. Kanalowa mu mpata muja ngati phazi mu nsapato yake. Zornitsa anagwada, kumasula kansalu, n'kulumikiza mawaya osayang'ana n'komwe kuseri.

"Nyimbo ayi," anatero Rumyana. "Masiku sanakwane."

"Ndikudziwa. Ndingokayatsa."

Kanyali kofiira kanayaka. Kung'ung'udza kuja kunadzaza chipinda, kenako kunayamba kuchepa pamene kabokosi kankatenthera. Palibe anagwira kopotokola. Anamvera phokoso lopanda nyimbolo mpaka khofi atazizira m'makapu, ndipo Rumyana anadikira kuti mwina mtima wake ufewa. Sunafewe. Anangoona kuti mkwiyo umene anabwera nawo unalibe pofikira m'nyumba imeneyi, ndipo woyenera kuulandira anali atauzemba, monga anazembera zonse.

Anaimirira, n'kupinda juzi ija.

"Chikwama ndi juzi ndikutenga."

"Kabokosinso tengani ngati mukukafuna. Ine sindinakapemphe."

"Nanenso sindikukafuna. Kakonzetseni kwa mwamuna wa mnzanuyo, mumve mathero a zimbale zanu."

"Mudzabweranso?"

"Sindikudziwa. Musandidikire."

Zornitsa anamuperekeza m'kanjira. Atafika pachitseko, anawerama, kutenga kanthu kukhoma, n'kunena mosaganiza, mwa chizolowezi cha pakamwa:

"Tambasulani manja."

Rumyana anatambasula asanamvetse. Burashi ya zovala inayamba kuyenda pa jasi lake lakuda, kuchokera paphewa kutsika m'munsi, mofulumira ndi mwaluso, ikuchotsa ubweya woyera wa galu. Inayenda pa mkono, m'mphepete mwa thumba, pa mpendero.

"Tembenukani."

Apo Zornitsa anadzimva yekha. Dzanja linaima m'malere. Makutu aja anafiira.

"Pepani. Inali ntchito yanga. Abambo ankati kwanu kulibe galu, ndiye pasatsale ngakhale kaubweya kamodzi. Ndikamaliza ankadziyang'ana pa galasi, akapeza kaubweya ndinkayambiranso."

Rumyana anatsitsa manja. Analandira burashiyo kwa iye. Chigwiriro chake chinali chosalala ndi kugwiridwa, tsitsi lake litatha mbali imodzi. Anafuna poipachika, m'mwamba pafupi ndi zopachikira majasi, koma sanapezepo msomali.

"Pansipo," anatero Zornitsa.

Msomaliwo unali m'munsi, kufupi ndi bondo, wokhomedwa mowongoka bwino ndi dzanja la munthu wodziwa ntchito, pamene kamwana kangafikire kosapempha wamkulu. Rumyana anagwada kuti aipachike.